BP ya mayi woyembekezera imalondola khanda mpaka m'chikuta

Kwathu kunsi kwa phiri la Michesi, mayi woyembekezera akayamba kutupa miyendo anthu amamuyamikira. Ena amati ndi mapasa, ena amati bambo wakunyumba akusamala bwino. Koma akatupa nkhope ndi manja mpaka mphete kukana kuvuka, nkhani imatembenuka, akuluakulu amayamba kumuyang'ana mkamwini ndi diso lofiira, ati wamusempha mwana wawo. Zonsezi ndidazimva ndi makutu angawa pamene mlongo wanga wamng'ono adali ndi pakati poyamba, ndipo ine ndemwe, munthu woti ndidapondako ku yunivesite ngakhale ndidasiyira panjira, ndidangoseka nawo.

Mlongo wangayo amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Tsiku lonse amakhala chiimire, choncho kutupa mapazi sikudadabwitse munthu. Zoonadi amayi ambiri athanzi amatupa mapazi mimba ikakula, makamaka chakumadzulo, ndipo kutupa kokhako si matenda ayi. Koma iyeyu adadandaulanso mutu. Ndidalowa m'golosale n'kumugulira Panado, kenaka ndidakwera minibasi kubwerera ku Limbe ndikudziona ngati mlongo wanzeru. Kabuku kake ka kusikelo ndidakaona pampando koma sindidakatsegule. Ndikadatsegula ndikadapeza kuti maulendo awiri omaliza, pamalo polemba BP padalibe chilembo chilichonse. Adadzandiuza pambuyo pake kuti kuchipatala chaching'ono chomwe ankapitako adawauza kuti makina atha mabatire, adzayezedwa mwezi wamawa.

Patangotha masabata awiri foni idalira usiku. Adali mlamu wanga. "Alamu, achemwali anuwa akuti mutu ukung'ambika, ndiye akuona zinthu ziwiriziwiri. Titani?" Ndidati musadikire kuche. Adamukweza pa kabaza wa njinga yamoto, amayi atamugwirira kumbuyo, mpaka kuchipatala chachikulu. Kumeneko BP idapezeka ili 170/115 ndipo mkodzo udaonetsa mapuloteni ambiri. Adamuika diripi, kumubaya jakisoni wowawa mbali zonse ziwiri za matako, n'kumubayanso wina wokhwimitsa mapapo a mwana. Atatha masiku awiri adokotala adati sitingadikirenso, ndipo adamuchita opaleshoni mimba ili ndi masabata 33. Adabadwa mwana wamkazi wolemera makilogalamu 1.5, kuchepa ngati paketi ndi theka ya shuga.

Ife tidapuma, tikuyesa kuti zatha. Tsiku lachitatu amayi adaona timadontho tofiira pachifuwa ndi m'miyendo mwa khandalo, ngati wina walibaya ndi nsonga ya cholembera. Pachidendene pomwe anamwino adabaya potenga magazi, thonje linkangonyowa. Anganga atamva nkhaniyi kumudzi adagamuliratu mlandu: "Mwanayu wabadwa ndi magazi amadzi. Kumtundu kwathu kulibe zimenezi, zachokera kuchimuna." Mlamu wanga, yemwe adali kale pamlandu wa tsempho, adangoti kukamwa pululu.

Ndalemba nkhani ino chifukwa cha timadontho timeneto. Za BP ya amayi oyembekezera mwina mudamvapo pawailesi. Zoti BP yomweyo imakhudza kaundanidwe ka magazi a khanda, ine sindidamvepo mpaka tsiku limenelo, ndipo ndikukayika ngati inu anzanga a mumsika wa Limbe kapena ophunzira a m'makoleji mudazimvapo.

Matendawa madokotala amawatchula pre-eclampsia. Ife tilibe dzina lake lenileni, timangoti BP ya mimba kapena kuthamanga magazi. Amayamba mimba ikapitirira masabata 20, ndiye kuti mwezi wachisanu kupita mtsogolo, ngakhale kwa mayi yemwe chibadwire sadadwalepo BP. Muyeso wake ndi wodziwika: BP ikafika 140/90 kapena kuposa, n'kupezekanso mapuloteni mumkodzo kapena chizindikiro choti impso, chiwindi kapena ubongo zakhudzidwa. Ikafika 160/110 ndiye kuti zafika poopsa.

Gwero lake ndi nsengwa, chija chimatuluka mwana akabadwa, chomwe amayi aakulu amakachikwirira mwachinsinsi. Mimba ikangoyamba, nsengwa imamera mizu m'khoma la chiberekero ndipo imakulitsa timitsempha ta mayi kuti magazi azifika ochuluka. Kwa amayi ena ntchito imeneyi siyenda bwino, timitsempha timakhalabe topanikizika ngati paipi yotsinidwa. Nsengwa yosowa magazi imatulutsa zinthu zomwe zimalowa m'thupi la mayi ndi kuononga khungu la mkati mwa mitsempha yake yonse. Apo BP imakwera, impso zimayamba kutaya mapuloteni, madzi amatuluka m'mitsempha n'kudzaza m'minofu, n'chifukwa chake nkhope imatupa. Palibe mchere wa munthu wosempha umene walowapo apa. Mkamwini akhoza kukhala ndi milandu yake ina, koma uwu si wake.

Zizindikiro zomwe mayi amazimva yekha ndi mutu wosamva mankhwala, maso kuchita chidima kapena kuona nyenyezi masana, kupweteka pansi pa nthiti chakumanja, kusanza mimba itakula kale, kutupa nkhope ndi manja mwadzidzidzi, kubanika, ndi mwana kuchepetsa kusuntha. Choipa n'chakuti ambiri samva chilichonse kufikira mochedwa, makina okha ndi amene amaulula. Zikapitirira mayi amagwa n'kuyamba kuphupha ngati wa khunyu. Imeneyo ndiye eclampsia, mawu ochokera ku Chigiriki onena za kung'anima ngati mphezi. Mtundu wina woopsa, womwe dokotala wa ku America Louis Weinstein adaupatsa dzina loti HELLP m'chaka cha 1982, umaphwanya maselo ofiira, kutupitsa chiwindi ndi kumaliza tizidutswa tothandiza magazi a mayi kuundana.

Bungwe la WHO limati matendawa amagwira amayi pakati pa 2 ndi 8 mwa amayi 100 aliwonse oyembekezera, ndipo chaka chilichonse amapha amayi pafupifupi 46,000 ndi ana pafupifupi 500,000, ena ali m'mimba ena atangobadwa. Taonani kusiyana kwa manambala awiriwo. Pa maliro amodzi a mayi pali maliro khumi a ana, aja oikidwa ndi amayi okhaokha m'mamawa popanda kulira mokweza. Kuno kwathu kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi 439 mwa 100,000 ankamwalira pa zifukwa za uchembere, ndipo makanda 27 mwa 1,000 sankatha mwezi. Lipoti la Born Too Soon la 2012 lidaika Malawi patsogolo pa maiko onse pa ana obadwa masiku asanakwane, 18 mwa 100 aliwonse.

Tsopano tibwere kwa khanda. Kuti magazi aleke kutuluka pabala pamafunika zinthu ziwiri, ndipo wogulitsa chimanga aliyense azimva msanga. Thumba likabooka mumayamba mwatseka pabowo ndi kansanza, kenaka mumasoka ndi ulusi kuti kansanzako kasachoke. M'magazi, kansanzako ndi tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa ma platelet, topangidwa m'mafuta a mkati mwa mafupa. Ulusiwo umalukidwa ndi mapuloteni opangidwa m'chiwindi, ndipo anayi mwa mapuloteni amenewo sagwira ntchito popanda vitamini K. Kansanza popanda ulusi, kapena ulusi popanda kansanza, chimanga chimatayikabe.

Mwana aliyense, ngakhale wa mayi wathanzi, amabadwa ulusi wake uli wopereweza. Mapuloteni odalira vitamini K aja amakhala pafupifupi theka la a munthu wamkulu, chifukwa vitamini ameneyu sadutsa bwino pa nsengwa, mu mkaka wa m'mawere alimo wochepa, ndipo m'matumbo a khanda simunakhazikike tizilombo tabwino tomwe timathandiza kumupanga. Ma platelet okha ndiwo amakhala okwanira, kuyambira 150,000 mpaka 450,000 m'kadontho koyezera, chimodzimodzi ndi inu ndi ine.

Mwana wa mayi wa pre-eclampsia amabadwa atamenyedwa mbali zonse ziwiri. Kwa masabata ambiri wakhala akulandira mpweya ndi chakudya chopereweza kudzera m'nsengwa yodwala ija. Thupi lake limachita zomwe banja limachita chaka cha njala, kusiya zina zonse n'kuthamangira chofunika kwambiri. Mafuta a m'mafupa amalimbikira kupanga maselo ofiira onyamula mpweya, ndipo ma platelet ndi maselo oyera olimbana ndi matenda amapangidwa ochepa. Apa pali pofunika kumvetsa: mwana satengera ma platelet ochepa kwa mayi ake ngati mmene amatengera mphuno. Magazi a mayi ndi a mwana sasakanikirana. Mayi akhoza kukhala ndi ma platelet okwanira bwino, mwana wake n'kupezeka nawo ochepa, chifukwa vuto lili pa fakitale ya mwanayo.

Kuchepa kumeneku kuli ndi kayendedwe kake komwe madokotala a ana amakadziwa. Kumaoneka m'maola 72 oyambirira, kumafika pansi kwambiri cha m'ma tsiku lachinayi, kenaka nambala imayamba kukwera yokha n'kubwerera m'malo pofika masiku 7 mpaka 10. Kawirikawiri siitsika kupitirira 50,000. Ya mwana wa mlongo wanga tsiku lija idali 68,000. Namwino wina wachikulire, ataona nkhope yanga, adandikokera pambali. "Achimwene, musathamange mtima. Ana a BP amatero. Chomwe tikuopa ife n'chakuti nambalayi idzatsike sabata yamawa." Ndidadzamvetsa pambuyo pake chomwe ankatanthauza. Ma platelet akagwa mwana atapitirira masiku atatu, kawirikawiri si za BP ya mayi ayi, ndi tizilombo talowa m'magazi kapena matumbo ayamba kuonongeka, ndipo pamenepo mwana amatha kupita m'maola ochepa.

Kumbali ya ulusi nakonso zinthu sizikhala bwino. Mwana wopinimbira m'mimba amakhala ndi chiwindi chaching'ono, ndipo wobadwa masiku asanakwane chiwindi chake chimakhala chisanakhwime, choncho mapuloteni oundanitsa magazi amachepa kuposa a khanda lokwana masiku. Onjezani pamenepo kuti mwana wobadwa masabata 32 asanakwane ali ndi timitsempha tofewa kwambiri mkati mwa ubongo tomwe timaphulika msanga. Kukha magazi kwa pachidendene kumaoneka ndi maso, thonje limathandiza. Kwa mu ubongo sikuoneka, ndipo mwana akapulumuka nthawi zina amadzakula ndi ziwalo zouma, khunyu kapena mutu wodzaza madzi. Palinso tsoka lina la matendawa, nsengwa kumatuka mwana asanabadwe. Mwana wobanika motero magazi ake amatha kusokonekera kotheratu, kuundana mwachisawawa mkati mwa mitsempha mpaka zoundanitsira zonse kutha, kenaka n'kuyamba kukha paliponse. Ndipo chodabwitsa, ena mwa ana omwewa amabadwa ndi maselo ofiira ochulukitsa moti magazi amalemera ngati phala, n'kuyenda movutika m'timitsempha tating'ono.

Ndisakuopsezeni mopitirira. Ana ambiri a amayi a BP, makamaka obadwa masiku atakwana ndi sikelo yabwino, sakha magazi n'komwe. Akatswiri amatsutsanabe ngati wolakwa weniweni ndi pre-eclampsia payokha kapena kuchepa thupi ndi kubadwa msanga komwe imabweretsa. Kwa ife a kumudzi mkangano umenewo ndi wofanana ndi kufunsa ngati nyumba yagwa ndi mvula kapena ndi matope.

Pali jakisoni mmodzi amene ndikufuna kholo lililonse limudziwe ndi dzina. Mwana akangobadwa amayenera kubayidwa vitamini K pantchafu, miligalamu imodzi, ndipo wochepetsetsa thupi amalandira mlingo wocheperapo. Matenda okha magazi a makanda adalembedwa bwino koyamba ndi dokotala Charles Townsend wa ku Boston m'chaka cha 1894, atasonkhanitsa nkhani za ana 50. Vitaminiyo adamutulukira ndi Henrik Dam wa ku Denmark poona nkhuku zomwe zinkakha magazi chifukwa cha chakudya chomwe ankazipatsa, ndipo adalandira mphoto ya Nobel ya 1943 pamodzi ndi Edward Doisy. Mwana wosabayidwa amatha kukha magazi pamchombo, m'mphuno kapena m'matumbo m'sabata yoyamba. Choopsa kwambiri chimabwera mochedwa, pakati pa masabata 2 ndi 12, mwana akuoneka wonenepa bwino akuyamwa, ndipo pafupifupi theka la ana otere magaziwo amakhera mu ubongo. Amayi omwe akumwa mankhwala ena a khunyu monga phenobarbitone, kapena a TB monga rifampicin, auze anamwino, chifukwa ana awo amatha kukha magazi tsiku loyamba lomwe.

Komatu vitamini K amakonza ulusi wokha. Sawonjezera platelet ngakhale imodzi. Mwana wa mlongo wanga adabayidwa atangobadwa, timadontho tidatulukabe. Ndikunena izi chifukwa ndidamva mayi wina pabenchi la magadiyani akuuza anzake kuti jakisoniyo ndi wachabe, mwana wake adabayidwa koma adakhabe magazi. Ayi mayi, jakisoni adagwira ntchito yake. Akadapanda kubayidwa bwenzi mabowo ali awiri.

Apa ndipomwe nkhani ya kuberekera kunyumba imandivuta. Boma lidaletsa azamba kubereketsa mu 2007, pulezidenti Bingu wa Mutharika adafewetsa chiletsocho mu 2010, ndipo pofika 2015 mpaka 2016 ana 91 mwa 100 ankabadwira kuchipatala. Sindikunyoza azamba, ine ndemwe adandilandira ndi mzamba. Koma mzamba alibe makina a BP, alibe vitamini K, ndipo sangawerenge ma platelet ndi maso. Mwana wobadwira kunyumba kapena panjira apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukafike mukufunsa za jakisoni wa pantchafu.

Ndiye pali chikuta. Mwambo wosunga mayi ndi khanda m'nyumba mpaka mchombo utagwa uli ndi nzeru yake, umatchinjiriza mwana ku chifuwa cha alendo ndi manja akuda. Koma m'chikuta mumakhala mdima, ndipo masiku amenewo ndi omwe ma platelet amakhala pansi. Tulutsani mwana poyera tsiku lililonse mumuone thupi lonse. Timadontho tofiira tosazimirira mukatsindika ndi chala, mikwingwirima yakuda popanda kugwa, mchombo wonyowa magazi osaleka, masanzi a magazi, chimbudzi chakuda bii masiku oyamba atadutsa, kuyera m'manja ndi m'kamwa, kukana bere, kugona kosadzuka, kuphupha, zonsezi ndi za kuchipatala usiku womwewo. Liwombo likatukuka n'kulimba, chonde musathamangire kwa asing'anga. Kungakhale kukha magazi mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi. Ndipo kutema mphini khanda lomwe magazi ake sakuundana ndi kuboola dala thumba lomwe mulibe chotsekera. Anganga adafuna kuti mwana wathu akangotuluka akatemeredwe. Amayi, omwe sindidawaonepo akutsutsa anganga chibadwire changa, tsiku limenelo adakana.

Mwina mukufunsa kuti bwanji osangomuthira ma platelet mwanayo basi. Nanenso ndidafunsa, mokweza mawu pang'ono, ndikuganiza kuti akutimana chifukwa ndife amphawi. Ndidachita manyazi nditawerenga. Kafukufuku wotchedwa PlaNeT-2, yemwe adachitika ku Britain, Ireland ndi Netherlands pa makanda 660 obadwa masabata 34 asanakwane ndipo adasindikizidwa mu 2019, adayerekeza ana othiridwa ma platelet nambala ikangotsika pa 50,000 ndi ana odikiriridwa mpaka itsike pa 25,000. Mwa othiridwa msanga, 26 mwa 100 adamwalira kapena kukha magazi kwambiri. Mwa odikiriridwa adali 19. Kuthamangira kuthira kudapweteka ana ambiri kuposa kudikira, ndipo izi zidachitika kumaiko komwe ma platelet sasowa.

Komabe alipo ana ndi amayi, makamaka a HELLP aja, omwe popanda kuthiridwa sangapulumuke. Ma platelet si chinthu chosunga m'firiji ngati magazi wamba omwe amatha mwezi ndi kuposa. Amasungidwa pamalo osazizira kwambiri, pamakina owagwedeza usana ndi usiku, ndipo pakatha masiku asanu ntchito yawo yatha. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2003, limadalira kwambiri ophunzira a m'sukulu, n'chifukwa chake sukulu zikatsekera magazi amasowa m'zipatala. Inu ophunzira, mimba sizipita ku holide. Ndipo inu a mabizinesi, omwe mumatha kusonkha ndalama za maliro a mnzanu m'maola awiri, ndi liti mudapitako gulu kukapereka magazi?

Zoteteza zilipo ndipo si zodula. Choyamba ndi kuyeza BP ndi mkodzo ulendo uliwonse wa kusikelo. Kuyambira 2016 WHO imalangiza maulendo 8 m'malo mwa 4 akale, ndipo ambiri mwa maulendo owonjezerawo ali kumapeto kwa mimba komwe matendawa amabisala. Omwe ali pachiopsezo chachikulu ndi a mimba yoyamba, atsikana aang'ono, amayi opitirira zaka 35, a mapasa, odwala kale BP, shuga kapena impso, onenepa kwambiri, ndi omwe adadwalapo matendawa kapena mayi awo adadwalapo. Kafukufuku wa boma uja adapezanso kuti atsikana 29 mwa 100 a zaka 15 mpaka 19 adali atabereka kale kapena ali ndi pakati. Mtsikana wobisa mimba poopa kuchotsedwa sukulu ndiye amayamba sikelo mwezi wachisanu ndi chiwiri, ngati wayamba n'komwe.

Kwa omwe ali pachiopsezo chachikulu madokotala amapereka aspirin wa mlingo wochepa tsiku lililonse kuyambira cha m'ma sabata ya 12. WHO imatchula mamiligalamu 75. Kafukufuku wa ASPRE wa 2017, wogwiritsa ntchito mamiligalamu 150, adapeza kuti pre-eclampsia yobereketsa mwana masiku asanakwane idatsika ndi 62 pa 100. WHO imalangizanso calcium, magalamu 1.5 mpaka 2 patsiku, kumadera komwe anthu sadya zakudya zokhala naye wokwanira. Matemba a ku Chilwa ndi usipa, zodyedwa ndi minga yomwe, zili ndi calcium wambiri, choncho musaziderere, ngakhale sizilowa m'malo mwa mapiritsi. Kumumana mchere mayi woyembekezera, monga tidachitira kwathu, sikuletsa matendawa.

Pano ndiyankhule ndi anzanga ogulitsa mankhwala pa mabenchi ndi m'maokala, ndikudziwa mukuwerenga. Musamve kuti aspirin amathandiza n'kuyamba kulembera amayi apakati. Wa m'golosale uja ndi wa mamiligalamu 300, kanayi kuposa mlingo wa WHO, ndipo aspirin ntchito yake ndi kufooketsa ma platelet omwe tikukambawa. Brufen, Indocid ndi diclofenac nawonso si a mayi wa mimba yaikulu, amatha kuononga impso ndi kusokoneza mitsempha ya pamtima pa mwana. Mayi wapakati akabwera pabenchi panu akudandaula mutu, mankhwala ake ndi kumuuza akayezetse BP lero. Ine ndidagula Panado, ndikudziwa chomwe ndikunena.

Matenda akafika poopsa, jakisoni wowawa wa m'matako uja ndi magnesium sulphate. Kafukufuku wa Magpie wa 2002, pa amayi oposa 10,000 m'maiko 33, adaonetsa kuti amachepetsa kuphupha ndi kuposa theka. BP amaitsitsa ndi methyldopa, nifedipine kapena hydralazine. Jakisoni wa dexamethasone, woperekedwa mimba isanakwane masabata 34, amakhwimitsa mapapo komanso amachepetsa kukha magazi mu ubongo wa khanda. Koma zonsezi ndi zogulira nthawi chabe. Mankhwala enieni ndi kuchotsa nsengwa, ndipo nsengwa siituluka yokha kusiya mwana. Dokotala amakhala pakati pa moto uwiri: akachedwa ataya mayi, akafulumira atulutsa mwana wosakhwima. Sabata iliyonse yomwe mwana angakhale m'mimba mosaopsa imalimbitsa timitsempha ta mu ubongo tija, ndipo masabata amenewo amapezeka pokhapokha matenda adziwika msanga. Mabatire awiri aja adatidyera mwina mwezi wathunthu.

Phalombe lidakhala boma palokha mu 1998, koma kwa zaka zoposa 20 lidalibe chipatala chachikulu cha boma. Maopaleshoni ankadalira chipatala cha mishoni cha Holy Family, kufikira pomwe chipatala cha John Chilembwe chidatsegulidwa ku Migowi mu 2022. Ndi chinthu chachikulu, tisachepetse. Koma nyumba yabwino ku Migowi siyeza BP ya mayi wa kuseri kwa phiri. Ndipo ife a ku Michesi timadziwa zomwe mvula imachita. Napolo wa mu Malichi 1991 adatsika m'phirimo ndi miyala ikuluikulu n'kupha anthu mazanamazana, ndipo namondwe Freddy mu Malichi 2023 adadulanso misewu ndi milatho. Mayi yemwe wauzidwa kuti BP yake yakwera, masiku ake akugwera m'dzinja, asadikire kuti mutu uyambe. Apite kuchidikiro mitsinje isanadzaze, ngakhale nandolo ndi chimanga zitsale zosapalira.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ena akwiya nawo. Timakonda kudzudzula amayi kuti amachedwa kupita kusikelo, mafumu mpaka kuwalipiritsa mbuzi akaberekera kunyumba. Nanga mayi yemwe wapita nthawi yake, wayenda makilomita angapo ndi mimba, n'kubwerako wosayezedwa, tilipiritse ndani? Makomiti a zipatala zing'onozing'ono alipo, makhansala alipo, thumba la chitukuko liliponso. Makina a BP mtengo wake sufika pa foni zomwe ambiri mwa ife tili nazo m'thumba. Ndipo inu abambo, kuperekeza mkazi kusikelo ulendo woyamba kuti musadumphidwe pamzere sikokwanira. Tsegulani kabukuko mukafika kunyumba. Pakakhala popanda nambala ziwiri zija, ina pamwamba ina pansi, funsani chifukwa chake mwaulemu, ndipo ngati palibe yankho kayezetseni kwina, ngakhale ku famase.

Mwana wathu nambala yake idayamba kukwera tsiku lachisanu ndi chimodzi, popanda kuthiridwa kanthu. Pofika tsiku lakhumi timadontho tidali titazimirira. Adakhala masabata ena atatu ali pachifuwa pa mayi ake, womangidwa ndi chitenje monga amachitira ku kangaru, amayi ndi mlamu akulandizana mlongo wanga akatopa. Potuluka anamwino adatsindika zinthu ziwiri: kuti BP imatha kukweranso mayi atabereka kale, mpaka masabata 6, choncho mutu ukabwerera asazengereze, komanso kuti akadzaimanso adzayambe sikelo mwezi wachitatu usanathe ndipo adzanene yekha kuti adadwalapo, kuti adzamuyambitse aspirin nthawi yabwino.

Makina a BP ndidagula ku Limbe, amakhala m'kabati mwa amayi, ndipo amayi apakati a m'mudzimo ayamba kumabwera Loweruka madzulo kudzayezetsa. Mabatire ndimatumiza ine mwezi ndi mwezi pa minibasi. Anganga amamunyamula mdzukulutuvi wawo tsiku lonse ndipo amauza aliyense kuti wafanana ndi iwo. Kwa mlamu wanga sadapepesebe.